A Dekhani ndi Mabuleki a Mkazi Wamng'ono

Pamzere wathu pali nyumba ina ya geti lopindika pakati, ngati munthu analimenya chibakera cha m'mimba. M'menemo ndimo mukhala a Dekhani. Dzina lawo lenileni lilipo, lili pa laisensi, koma ngakhale akazi awo akafuna kulitchula amayamba ayang'ana kaye kudenga. La Dekhanili analitola kuntchito. Bambowa anaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto zaka makumi atatu, ndipo mawu awo anali amodzi basi. Wophunzira akazimitsa injini pamphambano, iwo dekhani. Akalunjika mtengo wamagetsi, dekhani. Tsiku lina mayi wina atalowetsa galimoto ya sukulu m'ngalande, aphunzitsiwo anatulukira pawindo, matope ali m'khutu, n'kumuuza mayiyo kuti adekhe, abwereza mawa.

Ndi munthu wamfupi, wadazi lowala ngati amalipaka polishi, ndipo tayi samuvula ngakhale posesa pabwalo. Chilema chawo ndi phazi. Galimoto ya sukulu imakhala ndi buleki yachiwiri kumbali ya mphunzitsi, ndiye phazi lija linazolowera kuponda. Mpaka lero akakwera basi amapondera dalaivala buleki. Akamaonera mpira pa sofa, wosewera akathamanga kwambiri, mumangomva pansi kuti di.

Asanakhale mphunzitsi ankatsuka magalimoto pachipatala. Kumeneko kunali dokotala wina wa galimoto yofiira psuu, ya zitseko ziwiri ndi mipando iwiri, yotsika ngati kamba, yoti ukakhalamo umaopa kuti msewu ukukhula matako. Inkalira ngati chilombo chanjala. A Dekhani anaitsuka zaka zinayi, kuipukuta ndi malaya awo, kuilankhula ngati imamva. Dokotala uja pochoka anaona kuti kuigulitsa kwina kukhala kulekanitsa banja, basi anawasiyira pamtengo waulemu.

Akazi awo ndi a Nesi, namwino wa chipatala chomwecho, mayi wamtali woti amuna awo amawalekeza m'khwapa. Anadziwana a Nesi atapita kukaphunzira galimoto. Mayeso anakhoza kamodzi n'kamodzi, laisensi n'kutenga, mphunzitsi n'kutenganso. Koma chikwatiwireni chiwongolero sanachikhudze. Ankati kuyendetsa a Dekhani ali pambali kuli ngati kuphika apongozi ataima m'khitchini manja ali m'chiuno.

Zaka zoyambirira zinali zokoma, anthu inu. Lamlungu lililonse awiriwo m'galimoto yofiira, a Nesi mpango ukuuluka, ife a pamzere khosi kupweteka n'kucheuka. Zinadzatha tsiku limodzi, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, pamtsetse wautali uja wa kuseri kwa chipatala. Mabuleki a galimotoyo anali akale, a madilamu. Dilamu ndi chitsulo chonga poto wovundikira, zogwira zake zili m'kati, ndiye zikatentha kutenthako kulibe kotulukira. A Dekhani anatsika akupondaponda, pakati pa mtsetse kunayamba kununkha zopserera, ndipo atapondanso buleki inangolowa mpaka pansi osagwira kanthu. Mukuganiza anati chiyani? Anati dekhani.

Mwayi wake pansi pa mtsetse anthu ankamanga nyumba, panali mulu wa mchenga. Galimoto inakalowetsa mphuno mmenemo. Palibe anavulala. Koma a Nesi anatuluka mchenga uli m'mano, wigi italendewera pagalasi, amisiri ali pamakwerero kugwira nthiti. Anavula nsapato, anazinyamula m'manja, n'kuyenda wapansi mpaka kunyumba. Pofika analumbira kuti m'galimoto imeneyo sadzakweramonso, ngakhale pa tsiku la maliro awo.

Chiyambire pamenepo amaitcha mkazi mnzanga. Munthu akabwera kufunsa bambo, yankho linali lakuti ali kwa mkazi wamng'ono, kutanthauza kugalaja. Nsalu yabwino ikasowa m'nyumba, a Nesi sankavutika n'kufunafuna, ankadziwa kuti yapita kukapukuta mnzawoyo. A Dekhani nawo anapitiriza kuitsuka Loweruka lililonse, n'kumaizungulitsa m'misewu yathuyi liwiro la galimoto yonyamula maliro, njinga zikuwapitirira. Galimoto yothamanga, mwini wake akuopa kuithamangitsa. Ngakhale pang'onopang'ono pomwepo, polowa pakhomo inkaima pamene yafunira yokha. Geti lija ndiye mboni.

Chaka chino onse awiri anapuma ntchito, ndipo anthu awiri akamangoonana kuyambira m'mawa mpaka madzulo nkhani zakale zimadzuka. Kumayambiriro kwa mwezi watha mkazi wamng'ono anagundanso geti kachitatu, geti n'kukankha tebulo, tebulo n'kugwetsa miphika isanu ya maluwa a a Nesi. Mayiwa sanakuwe. Anasesa dothi lawo bwinobwino, anasamba m'manja, kenako anaimbira foni a Sikelo, bambo wogula zitsulo zakale.

A Sikelo anabwera tsiku lomwelo. Anaizungulira galimoto ija kawiri ndi diso la wabutchala poona mbuzi, kuigogoda uku ndi uku, milomo ikuwerenga makilo. Anagwirizana kuti adzabwera ndi lole Loweruka lomaliza la mwezi, dzuwa lili paliwombo. A Dekhani anachonderera mpaka tayi kukhota. Pomaliza a Nesi anawapatsa kampata kamodzi.

“Ikadzafika tsikulo ikuima pamene munthu waiuza, ikhala,” anatero. “Koma woweruza si pakamwa panu, abambo. Lidzaweruza ndi phazi langali.”

M'mawa mwake a Dekhani anali kale kusitolo ya zipangizo za magalimoto. Anabwerako ndi makatoni awiri, nkhope ili ngati ya munthu wochokera kukatenga khanda kuchipatala. Ine ndinali ndikuyanika zovala pafupi ndi mpanda, poti chingwe changa chinangopezeka kuti chili chapomwepo, ndipo anandionetsa chimodzichimodzi ndisanawafunse. Madilamu akutsogolo achoke, palowe madisiki, zitsulo zonga mbale zozungulira pamtetete mphepo ikuziomba. Chilichonse chili ndi kalipa wake, chitsulo choluma disiki uku ndi uku ngati nkhanu. Panalinso mapadi, amene ndi mano a nkhanuyo, ndi mapaipi atsopano olukidwa ndi waya. Wa kusitolo anawatsindikira kuti awerenge pepala lili m'katoni asanamange chilichonse. Iwo anamuyankha kuti anayamba kugwira galimoto iye asanamere mano. Pepala lija analiyala pansi n'kuikapo mabawuti kuti asadetsedwe ndi fumbi.

Anagwira ntchito sabata ziwiri zathunthu, galimoto ili m'mwamba pamajeke, iwo ali chagada pansi pake, ovolosi pamwamba, tayi m'kati. Ndisawanamizire, manja ali nawo. Bawuti aliyense anamutsuka, anamupaka mafuta, anamumanga ndi ulemu. Koma pa kalipa aliyense pali kampopi kakang'ono, kochepa ngati nsonga ya chala, kotulutsira mpweya wotsalira m'mapaipi. A Dekhani anakayang'ana kampopiko n'kuganiza mwauphunzitsi. Mpopi wa thanki yamadzi uli pansi. Potulutsira oilo wa injini ndi pansi. Ngakhale munthu amene, anatero akuseka okha, zotuluka zimatulukira kumunsi. Ndiye anatenga kalipa wa kumanja n'kumumanga kumanzere, wa kumanzere kumanja, kuti timipopi tiloze pansi monga mwa nzeru. Tsoka lake zitsulozo sizikana. Mabawuti analowa bwinobwino, zonse zinaoneka zokongola. Safunsa anadya phula, koma phula la a Dekhani linali lonyezimira.

Chotsala chinali kutulutsa mpweya, ndipo imeneyi si ntchito ya munthu mmodzi. Wina amakhala pampando n'kumapopa buleki ndi phazi, kenako n'kugwira osasiya, winayo ali pansi kutsegula kampopi kuti mafuta a mabuleki atuluke ndi mpweya womwe, n'kutseka msanga. Mpweya ukatsalamo, buleki imakhala yofewa, phazi limangolowa.

Anaitana mlamu wawo, mchimwene wa a Nesi, amene amameta anthu kuseri kwa msika. Alamuwa ndi munthu wodalitsika m'mimba. Kulowa kokha m'galimoto ija kunatenga nthawi yoti munthu n'kumeta mitu iwiri, ndipo atakhala pansi chiwongolero chinawamira pamchombo. Anapopa Lachinayi lonse. Mafuta ankatuluka oyera bwino, opanda kathovu ngakhale kamodzi, koma buleki ili ngati ukuponda buledi. A Dekhani anati dekhani, alamu, tibwereza mawa. Lachisanu anapopanso mpaka botolo lachitatu la mafuta kutha. Chakumadzulo mwendo wa alamu unagwidwa ndi dzanzi, anayamba kubuula, ndipo kuwatulutsa kunafunika ine, mwamuna wanga ndi sopo pang'ono. Ataima anauza a Dekhani kuti chibale ndi chibale koma mwendo ndi wawo, mawa ali ndi mitu yoti amete. Anapita akutsimphina osacheuka.

Loweruka kunacha bwino, kopanda mtambo, ngati kumwamba sikukudziwa kuti pali munthu akuferedwa. A Dekhani anazungulira pamzere kufuna phazi lobwereka. Mwamuna wanga anali atazemba mbandakucha, poti anaona zimene zinawachitikira alamu. Ena onse anapezeka kuti ali ndi nyamakazi. Nthawi ikuti naini, bambowa anakaima pakhomo la khitchini yawo yomwe, n'kukhosomola ngati mlendo. A Nesi anali akusita. Anawasiya akhosomole katatu.

A Dekhani anapempha mozungulira, kuyambira kutali, za zaka zimene akhala limodzi, za ana amene analera, mpaka a Nesi anawadula n'kuwafunsa ngati akufuna phazi. Anavomera ndi mutu. Mayiwa anaimika simbi, anaganiza, kenako anati lumbiro lawo linali la galimoto yoyenda, iyi ili pamajeke yopanda matayala ndi mpando chabe. Anatenga thaulo, anakaliyala pampando wa dalaivala, n'kukhala mowongoka ngati ali pabenchi yodikirira odwala.

Ndiye inayambika nyimbo ija tinaimva masiku awiri. Pondani. Pondaninso. Gwirani pomwepo. Siyani. Mawu a a Dekhani ankachokera pansi pa galimoto, aulemu kuposa masiku onse. Atabwereza kakhumi, a Nesi anati akumva ngati akuponda matiresi. Atabwereza kakhumi kena anatsegula chitseko, anatsika, anakokera diresi m'maondo n'kunjuta pafupi ndi mutu wa amuna awo. Anayang'ana kalipa, anayang'ana kampopi, anayang'ana botolo lolandirira mafuta.

“Abambo, kodi chimene mukufuna kutulutsa ndi mafuta kapena mpweya?”

“Mpweya, amayi.”

“Ndiye mpweya unayamba liti kutsika pansi?”

A Dekhani anayamba kufotokoza za thanki yamadzi. A Nesi sanadikire kuti amalize. Analowa m'nyumba, anabwerako ndi jakisoni wakale wopanda singano amene amathirira mankhwala m'maluwa, anakoka madzi theka, mpweya theka. Anamulozetsa pansi n'kukankha: madzi anatuluka, mpweya uli phee pamwamba. Anamutembenuza kuloza kumwamba, anamugogoda ndi chala kawiri monga achitira anamwino onse, thovu linakwera, anakankha pang'ono, mpweya fyuu.

“Zaka makumi atatu ndakhala ndikuchita zimenezi m'mawa uliwonse,” anatero. “Ndikanamalozetsa pansi ngati inu, bwenzi manda atadzaza. Masiku awiri mwakhala mukukama mafuta abwinobwino, mpweya uli pamwamba kukusekani.”

Fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma a Dekhani anayesako. Anati galimoto si wodwala. A Nesi anasuntha mabawuti otsala, anatola pepala lija, lakuda bii ndi girisi, analipukuta ndi ngodya ya thaulo. Panali chithunzi cha kalipa, kampopi kali pamwamba, ndi muvi waukulu woti ngakhale ine amene ndimawerenga ndi chala ndikanauona. Analiika pachifuwa pa amuna awo. A Dekhani analiyang'ana, analitembenuza, n'kuliyang'ananso. Kenako kunamveka mawu aang'ono opempha sipanala.

Apa ndiye ndinaona chimene chipatala chinataya. A Nesi anayala thaulo pansi, anandanda masipanala kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu, mabawuti m'mbale, nsanza zoyera pambali. Dzanja likangotuluka pansi pa galimoto, chitsulo choyenera chinali chitafika kale m'chikhatho. Thukuta likatsikira m'maso, ankawapukuta padazi osafunsa. Kalipa wa kumanzere anabwerera kwawo, wa kumanja kwawo, timipopi tinaloza kumwamba. Atakhalanso pampando n'kupopa, m'botolo muja munayamba kubwata thovu ngati munthu akuuzira ndi kapaipi m'chakumwa. A Dekhani anaseka okha pansi paja. Buleki ya tayala lililonse inalavula mpweya wake, kuyambira yakutali mpaka yapafupi, ndipo pomaliza a Nesi anati tsopano akuponda mwala.

Akumanga tayala lomaliza, lole ya a Sikelo inali ikuliza hutala pageti. Bambo uja anatsika ndi unyolo paphewa, anapereka moni wachisoni wonga wa pamaliro, koma maso akuseka. Majeke anachoka, galimoto inatera pansi. A Dekhani anasamba m'manja, anawongola tayi, anafika pachitseko cha dalaivala n'kuima mwaulemu kudikira kuti akazi awo atuluke.

A Nesi sanasunthe. Anatambasula dzanja, chikhatho m'mwamba.

“Ndinati lidzaweruza ndi phazi langa. Liweruza bwanji lili kumbali inayo? Makiyi.”

Munthu sanaperekepo makiyi mochedwa chomwecho. A Dekhani anazungulira kutsogolo kwa galimoto akuisisita ngati akuitsanzika, anakakhala kumpando umene sanakhalepo chiigulireni. Injini inabangula. A Nesi anabwerera m'mbuyo, anadutsa pakati pa lole ndi geti osakhudza kanthu, ngati anasiya kuyendetsa dzulo.

Pepala lija linanenanso kuti mapadi atsopano sayenera kudzidzimutsidwa, ayambe azolowerana ndi madisiki poima mofatsa kangapo. A Nesi, poti ndi munthu wotsata malangizo a mankhwala, anachita ndendende. Kuthamanga pang'ono, kuima. Kuthamanga pang'ono, kuima. Anadutsa mumsewu wathu kakhumi ngati nkhuku yotola chimanga, ife tonse tili m'mageti, a nyamakazi aja atachira. Ulendo uliwonse tinkaona dazi likugwedezeka ndipo tinkamva phazi lija, di, di, kufunafuna buleki pamene palibe. Ulendo wakhumi ndi chimodzi sanabwerere. Anakhotera njira ya kuchipatala.

A Sikelo anakhala pasitepe ya lole yawo n'kundiuza kuti sakudandaula, ikakagwa kumtsetse akaitola komweko, ndipo yophwanyika sivuta kukweza. Ndinawapatsa madzi akumwa, koma m'kapu yong'aluka. Tinadikira. Panapita nthawi yoti ngakhale ine nthabwala zinandithera, ndinayamba kukumbukira mulu wa mchenga uja, ndi kuti nyumba ija anamaliza kumanga kalekale, pano pali khoma.

Tinayamba kumva kulira kwake isanaoneke. Inatulukira pakona ili psuu, liwiro loti msewu wathu sunalionepo, kulunjika pamene panali lole. A Sikelo anataya kapu n'kukwera pamwamba pa zitsulo zawo. Galimoto inafika, inagwada pang'ono kutsogolo, n'kuima nji, mpata wa chikhatho chimodzi kuchokera ku bampala ya lole. Fumbi linadutsa lokha.

A Dekhani anali atagwira lamba ndi manja awiri, maso otseka, milomo ikuyenda. A Nesi anawagwira pabondo.

“Dekhani, abambo. Tafika.”

Kenako anatsitsa galasi n'kuuza a Sikelo kuti pepani, mkazi mnzawo sakupita kulikonse, wayamba kumva. Mtsetse anautsika kawiri, kachiwiriko mongofuna kutsimikiza. Koma poti munthu sabwerera chimanjamanja, atenge madilamu akalewo, ndipo akafuna azule ndi geti lomwe. A Sikelo anatenga madilamu. Geti anati n'lopepuka, silingalipire mafuta a lole, n'chifukwa chake likadalipo.

Masiku ano makiyi amagona m'chikwama cha a Nesi, pamodzi ndi magalasi akuda amene anagula sabata yomweyo. Kutsuka ndi kwa a Dekhani monga kale, Loweruka lililonse, koma tsopano pamabwera woyendera kudzaloza pamene pasala. Amaloledwa kuyendetsa Lachiwiri, kupita kukameta kwa alamu, ngakhale chometa palibe. Masiku enawo amakhala kumbali, ndipo kapeti ya kumeneko yayamba kale kubooka pamalo pa phazi. Nditawafunsa pampanda kuti zikuyenda bwanji pokhala pasinjala, anandiyankha kuti iwo si pasinjala, akupitiriza maphunziro a wophunzira wawo wakale amene anathawa kalasi.

Dzulo kwabwera katoni ina. A Nesi akuti akumbuyo nawonso akhale madisiki, chifukwa pali msewu wina wautali umene akufuna kukauona bwinobwino. Ndawapeza a Dekhani atakhala pakhonde, mandala pamphuno, pepala la m'katonimo lili m'manja, akuliwerenga mzere ndi mzere ndi chala, kuyambira pamwamba penipeni pamene pangolembedwa dzina la fakitale.